PHUNZIRO LA ZA UMOYO: KUNENEPA KOPITIRIRA MUYESO NDI JEKESENI WOCHEPETSA THUPI

Phunziro la mwezi uno talembera anthu a kwa Makanjira ndi a m'midzi yonse ya m'mbali mwa nyanja m'boma la Mangochi. Tipempha aphunzitsi, mafumu, mashehe, abusa ndi onse odziwa kuwerenga kuti awerengere anzao, pakuti nkhaniyi ikhudza mabanja ambiri.

Mbiri yafika kuno kwathu yakuti kunja kwatuluka jekeseni wochepetsa thupi. Abale athu amene ali pa nchito ku Joni amamva za iye, ndipo nkhani yache imafika m'midzi pa lamya za m'manja. Mbiriyo si yabodza iai. Jekeseniyo alipodi, ndipo amagwira nchito. Koma pali chinthu chimodzi chimene ofalitsa mbiri sanena, ndicho chakuti munthu akaleka kubaya, thupi limabwerera. Tsono kwa ife amene tikhala kutali ndi masitolo a mankhwala, kumene chinthu chipezeka mwezi uno ndi kusowa mwezi wa mawa, funso lalikuru ndi ili: kodi munthu adzachita chiani tsiku limene mankhwalawo adzatha? Phunziro lino liyankha funso limeneli.

1. KUNENEPA KUMENE KULI MATENDA

Makolo athu anali kuyesa munthu wonenepa kuti ndiye wopeza bwino, ndipo mkazi akanenepa pa banja anthu amati mwamuna wache amamsamala. Pamene matenda a Edzi anafika m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, kuonda kunasanduka chinthu choopsya, ndipo anthu anayamba kuloza chala ali yense amene thupi lache latsika. Chifukwa cha zimenezi ambiri mpaka lero amakondwera thupi likamakula, ndipo ena amafika pogula mapiritsi oti anenepe.

Sitinyoza munthu ali yense wa thupi lalikuru. Kunenepa si ulesi, ndipo si kususuka. Kumachokera ku mtundu wa munthu, ku zakudya, ku nchito imene agwira, ndiponso ku mankhwala ena. Koma mafuta akachuruka m'thupi, makamaka pa mimba, amabala matenda: shuga, kuthamanga kwa magazi, matenda a mtima, kufa ziwalo mwadzidzidzi, kupweteka kwa maondo ndi msana, ndi mabvuto pa nthawi yobereka.

Ena amati amenewa ndi matenda a Azungu kapena a anthu a m'tauni. Taonani zimene zinapezeka m'dziko lathu lino. Pamene Boma linafufuza za umoyo wa anthu m'zaka za 2015 ndi 2016, linapeza kuti mwa amai 100 ali onse a zaka 15 mpaka 49, amai 21 anali ndi thupi lopitirira muyeso. M'chaka cha 1992 anali 10 okha. Pa kufufuza kwina kwa m'chaka cha 2009 kunapezeka kuti munthu mmodzi mwa akuru atatu ali onse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, ndipo pafupi-fupi 6 mwa 100 anali ndi shuga. Ambiri mwa iwo sanali kudziwa kuti akudwala.

Chasintha nchiani? Moyo wathu wasintha. Kale amai anali kusinja mu mtondo, lero kuli chigayo. Ulendo umene munthu anali kuyenda pansi lero akwera njinga yamoto ya kabaza. Pa msika pali chiwaya cha chipisi, mandasi, ndi zakumwa zotsekemera za m'mabotolo. Mafuta ophikira ndi shuga, zimene kale zinali za pa chikondwerero, lero ziri za masiku onse kwa amene ali ndi ndarama. Mlovi wopalasa usiku wonse sanenepa kawiri-kawiri, koma mwini boti wodikira pa doko, mwini sitolo wokhala pa mpando tsiku lonse, ndi mai wogulitsa pa msika, amenewa thupi limawabwerera msanga.

Kumbukiraninso kuti pa kufufuza komwe kuja kwa 2015 ndi 2016 ana 37 mwa ana 100 osafika zaka zisanu anapezeka opinimbira chifukwa cha kuperewera kwa zakudya. M'mudzi umodzi womwewo mukhoza kukhala mai wonenepa kopitirira ndi mwana wonyentchera. Chotero mau a m'phunziro lino ndi a anthu akuru amene thupi lao lapitirira. Asapezeke munthu wochepetsa chakudya cha ana chifukwa cha zimene wawerenga muno.

2. DZIYESENI POYAMBA

Munthu asanaganize za mankhwala kapena za kuchepetsa nsima, ayenera kudziwa ngati thupi lache lapitiriradi. Pali njira ziwiri.

Njira yoyamba ndi ya ku chipatala, ndipo a chipatala amaitcha BMI. Amakuyesani pa sikelo, ndi kuyesanso msinkhu wanu. Kenaka amachurukitsa msinkhu ndi msinkhu womwewo, ndi kugawa kulemera kwanu ndi nambala imene yaturukayo. Tiyeni titenge munthu wa msinkhu wa mita 1.6. Tikachurukitsa 1.6 ndi 1.6 tipeza 2.56. Ngati alemera makilogalamu 64, tigawa 64 ndi 2.56 ndipo tipeza 25. Ngati alemera makilogalamu 77 tipeza 30. Nambala yosafika 18.5 itanthauza kuti munthuyo ndi woonda kwambiri. Kuyambira 18.5 mpaka pansi pa 25 thupi liri bwino. Kuyambira 25 thupi lapitirira, ndipo kuyambira 30 ndiko kunenepa kumene a chipatala amakutcha matenda.

Njira yachiwiri isowa sikelo, ndipo ali yense akhoza kuichita pa khomo pache. Tengani chingwe kapena luzi. Imani chiriri popanda nsapato, ndipo mnzanu ayese chingwecho kuchokera pa chidendene mpaka pa liwombo, adule. Tsono pindani chingwecho pakati kuti nsonga ziwiri zikumane, ndipo zungulizani m'chiuno, pamwamba pang'ono pa mchombo, osakoka mimba. Chikakwanira kuzungulira, muli bwino. Chikapereŵera, mafuta a pa mimba achuruka. Lamulo lache ndi lakuti m'chiuno mwa munthu wamkuru musafike theka la msinkhu wache. Njira imeneyi si ya amai oyembekezera.

Chingwe chikapereŵera, pitani ku chipatala mukapemphe kuti akuyeseni magazi ngati akuthamanga, ndiponso shuga.

3. JEKESENI WATSOPANO NDI NCHITO YACHE

Munthu akadya, matumbo ache amaturutsa kanthu kotchedwa GLP-1. Kanthu kameneka kamapita m'magazi kukauza ubongo kuti mimba yakhuta. Kamachedwetsanso chakudya kuchoka m'chifu, ndipo kamathandiza thupi kutsitsa shuga. Koma kamatha m'mphindi zochepa. Akatswiri a mankhwala anapanga chinthu chofanana nako chimene chimakhala m'thupi mlungu wathunthu. Ichi ndicho chiri m'jekeseni. Munthu amadzibaya pansi pa khungu kamodzi pa mlungu, ndipo njala imachepa, amakhuta msanga, ndipo thupi limatsika.

Mankhwala odziwika kwambiri ndi awiri. Oyamba ndi semaglutide, opangidwa ndi kampani ya Novo Nordisk ya ku Denmark. Ku America anawaloleza m'chaka cha 2017 kwa odwala shuga pa dzina lakuti Ozempic, ndipo m'chaka cha 2021 anawalolezanso kwa onenepa pa dzina lakuti Wegovy. Achiwiri ndi tirzepatide, a kampani ya Eli Lilly ya ku America, amene anaturuka m'chaka cha 2022 pa dzina lakuti Mounjaro.

Madotolo anayesa semaglutide pa anthu 1,961, ndipo analengeza zotsatira zache m'chaka cha 2021. Amene anabaya kwa milungu 68 anatsika pafupi-fupi makilogalamu 15 pa makilogalamu 100 ali onse a thupi lao. Amene sanalandire mankhwala eni-eniwo anatsika pang'ono chabe, osafika makilogalamu atatu pa 100. Pa kuyesa kwina, kumene kunalengezedwa m'chaka cha 2023, anthu onenepa odwala mtima amene anabaya anapezeka kuti ngozi za mtima ndi za kufa ziwalo zinachepa pakati pao. Chotero amenewa ndi mankhwala eni-eni, osati a m'botolo la pa msika.

Koma walira mvula walira matope. Ambiri amene amabaya amamva mseru, amasanza, amatsekula m'mimba kapena kudzimbidwa, makamaka poyamba. Ena amadwala ndulu, ndipo ochepa amatupa kapamba, matenda amene ali oopsya. Pamodzi ndi mafuta, mnofu wa thupi umatsikanso. Mai woyembekezera sayenera kubaya. Ndiponso dotolo amayambitsa munthu ndi muyeso waung'ono, ndi kumaonjeza pang'ono pakapita milungu inai iri yonse. Munthu woyamba yekha ndi muyeso waukuru akhoza kusanza mpaka kutha madzi m'thupi.

4. MANKHWALA AKATHA

Pano ndi pamene pali mtima wa phunziro lathu. Madotolo aja anatsatira ena mwa anthu amene anabaya milungu 68, kuti aone chimene chichitika akaleka. Zotsatira zinalengezedwa m'chaka cha 2022. Patapita chaka chimodzi chilekere, anthuwo anali atabwezera magawo awiri mwa magawo atatu a thupi limene anataya. Kunena kwina, munthu wa makilogalamu 100 amene anatsika kufika pa 85 anakweranso kufika pa 95. Shuga ndi kuthamanga kwa magazi, zimene zinatsika, zinayambanso kubwerera kumene zinali.

Chifukwa chache nchakuti thupi silikonda kutsika. Likaona kuti mafuta ache achepa, limayesa kuti kwagwa njala, ndipo limaonjeza chilakolako cha chakudya ndi kuchepetsa mphamvu imene limagwiritsa nchito. Jekeseni amangotseka pakamwa njala imeneyi pa nthawi imene ali m'thupi. Akachoka, njala imadzuka.

Asodzi amva bwino chitsanzo ichi. Bwato likamalowa madzi, wina amakhala akukapa. Pamene akukapa, bwato limayenda bwino. Akaleka, madzi amabwerera, pakuti kukapa sikutseka chiboo. Jekeseni ali ngati wokapa madziyo. Ndi chifukwa chache madotolo amati mankhwala amenewa ndi a nthawi yaitali, monga momwe aliri mapiritsi a kuthamanga kwa magazi. Si mankhwala a malungo amene munthu amwa masiku atatu ndi kuchira.

5. KUPEZEKA KWACHE KUKUSINTHA-SINTHA

Ngati mankhwala ali a nthawi yaitali, ndiye kuti munthu ayenera kufunsa ngati adzapezeka nthawi yaitali. Tiyeni tione mmene zinthu zayendera.

Mankhwala ochepetsa thupi si achilendo pa dziko. Ena anabwera kale ndi kuchotsedwa. Otchedwa fenfluramine anachotsedwa m'chaka cha 1997 atapezeka kuti amaononga mtima. Otchedwa sibutramine anachotsedwa m'chaka cha 2010 pa chifukwa chonga chomwecho. Atsopanowa sanachotsedwe, koma anasowa. Ku America komweko, dziko lolemera, semaglutide anaperewera kuyambira 2022 mpaka kumayambiriro kwa 2025 chifukwa ofuna anachuruka, ndipo odwala shuga ena anabwerera ku masitolo chimanja-manja. Mtengo wa Wegovy atangoturuka unapitirira madola 1,000 pa mwezi umodzi, ndarama zoposa zimene anthu ambiri a m'midzi yathu amapeza pa chaka chonse.

Tsopano zinthu zayamba kutembenuka. Ku South Africa Mounjaro anafika kumapeto kwa 2024, ndipo Wegovy anafika m'chaka cha 2025. M'mwezi wa September 2025 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la World Health Organization, linaika mankhwala a mtundu umenewu pa mndandanda wa mankhwala ofunika, koma kwa odwala shuga amene ali onenepa kwambiri ndipo ali ndi matenda a mtima kapena a impsyo. M'mwezi wa December 2025 bungwe lomweli linaturutsa malangizo akuti anthu akuru odwala kunenepa, kupatula amai oyembekezera, akhoza kulandira mankhwalawa kwa nthawi yaitali, pamodzi ndi uphungu wa kadyedwe ndi wa kulimbitsa thupi. Linachenjezanso kuti pofika 2030 mankhwalawa adzakhala atafikira anthu osakwana 10 mwa 100 amene angathandizidwe nao.

Chaka cha 2026 ndicho chimene lamulo loletsa makampani ena kupanga semaglutide likutha m'maiko monga India, China, Brazil ndi Canada. Popeza mankhwala ambiri amene timamwa kuno amachokera ku India, mtengo ukhoza kutsika ndithu m'zaka zikudzazi. Koma kutsika kwa mtengo ku India si kufika kwa mankhwala kwa Makanjira. Jekeseni ameneyu sali m'gulu la mankhwala amene munthu amalandira pa zipatala zazing'ono za Boma. Ndipo tonse tidziwa kutalika kwa ulendo wochokera kwa Makanjira kudzera ku Lungwena ndi ku Malindi kukafika pa boma la Mangochi, makamaka nthawi ya dzinja.

6. ZA PHUKUSI LOCHOKERA KU JONI

Njira imene jekeseniyu angafikire m'midzi yathu msanga ndi ya phukusi. Mwana amene ali ku Johannesburg kapena ku Durban amva kuti mai ache akubvutika ndi thupi, ndipo chifukwa cha chikondi agula ndi kupatsira onyamula katundu. Mtima wache ndi wabwino, koma pali zoopsya zinai zimene banja liyenera kudziwa.

Choyamba ndi kutentha. Jekeseni amene sanatsekulidwe amasungidwa m'firiji, pa kuzizira kwa pakati pa 2 ndi 8, ndipo sayenera kukhala pa malo otentha kupitirira 30. Ulendo wa pa mseu wodzera ku Beitbridge, ku Tete ndi ku Mwanza umatenga masiku, ndipo katundu amakhala pa dzuwa. Kuno ku nyanja, m'miyezi ya October ndi November, kutentha kumapitirira muyeso umenewu. Mankhwala oonongeka ndi kutentha saoneka ndi maso.

Chachiwiri ndi chinyengo. M'mwezi wa June 2024 bungwe la World Health Organization linachenjeza maiko onse kuti semaglutide wabodza anapezeka ku Brazil, ku Britain ndi ku America. Ngati akuba anatha kunyenga anthu kumeneko, nanga kwa munthu wogula pa lamya kapena kwa wogulitsa wa pa mseu? M'dziko lathu bungwe la Boma loyang'anira mankhwala ndi la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Mankhwala ayenera kugulidwa m'sitolo yokhala ndi chilolezo cha bungwe limeneli, ndiponso ndi kalata ya dotolo.

Chachitatu ndi kusowa woyang'anira. Munthu amene akumwa kale mapiritsi a shuga kapena kubaya insulin, akaonjeza jekeseniyu mosadziwitsa a chipatala, shuga wache akhoza kutsika kwambiri mpaka kukomoka.

Chachinai ndi kudukiza. Nchito ya ku Joni ikhoza kutha, ndarama zikhoza kuchepa, wonyamula katundu akhoza kuchedwa. Mai amene watsika bwino miyezi isanu adzapezeka alibe jekeseni mwezi wachisanu ndi chimodzi, ndipo thupi lidzabwerera. Akuru anati fodya wako ndi amene ali pa mphuno, wa pa chala ndi wa mphepo. Musagulitse ukonde, mbuzi kapena munda chifukwa cha mankhwala a mwezi umodzi kapena iwiri.

Kwa amene dotolo wawalembera mankhwalawa, malangizo ndi awa. Musanayambe, funsani kuti mudzawapeza kuti mwezi ndi mwezi, ndi kuti mudzachita chiani akasowa. Mukaona kuti atsala pang'ono kutha ndipo ena sakubwera, pitani ku chipatala asanathe, makamaka ngati muli ndi shuga, kuti akupatseni mankhwala ena monga metformin. Mukadukiza milungu ingapo, musayambirenso pa muyeso waukuru umene munalekera. Musabwerekane jekeseni ndi mnzanu. Ndipo njala ikabwerera musadzione ngati mwalephera, pakuti umo ndi mmene thupi limachitira.

7. CHIMENE CHIRI M'MANJA MWATHU

Pali thandizo limene silidikira basi kapena firiji. Ku America madotolo anayesa anthu 3,234 amene anali pafupi kudwala shuga, ndipo analengeza zotsatira m'chaka cha 2002. Gulu lina linauzidwa kusintha kadyedwe, kuyenda mphindi 150 pa mlungu, ndi kutsitsa makilogalamu 7 pa 100 ali onse a thupi. M'gulu limeneli odwala shuga anachepa ndi magawo 58 pa 100. M'gulu limene linapatsidwa mapiritsi a metformin anachepa ndi magawo 31 okha. Phunziro lache ndi lakuti munthu safunika kuonda kuti apindule. Munthu wa makilogalamu 90 akatsitsa makilogalamu 5 kapena 6 ndi kukhala pomwepo, wathandiza kale mtima wache, maondo ache ndi shuga wache.

Yambani ndi zakumwa. Botolo limodzi laling'ono la chakumwa chotsekemera liri ndi shuga wokwana masupuni ang'ono pafupi-fupi 8. Malangizo a World Health Organization ndi akuti munthu wamkuru asapitirire masupuni ang'ono 12 pa tsiku, kuwerengera pamodzi wa mu tiyi, m'phala, mu thobwa ndi m'zakumwa, ndipo 6 ndiye bwino koposa. Amene amathira masupuni anai mu tiyi atsike pa atatu mlungu uno, pa awiri mlungu wa mawa. Lilime limazolowera.

Chachiwiri ndi nsima. Sitinena kuti muleke nsima iai. Amene amadya mitanda itatu adye iwiri, ndipo malo a mtanda wachitatuwo alowe ndiwo zamasamba: chisoso, bonongwe, nkhwani, chigwada, therere. Mgaiwa umakhalitsa m'mimba kuposa ufa woyera. Mpunga, kondowole, chinangwa ndi mbatata ziri m'gulu limodzi ndi nsima, chotero zisadyedwe zonse pa chakudya chimodzi.

Chachitatu ndi ndiwo. Ife a ku nyanja tiri ndi mwai umene ena alibe. Usipa, utaka, mcheni ndi mlamba zimamanga mnofu ndipo zimakhutitsa. Nandolo, khobwe ndi nyemba zichita chimodzi-modzi. Munthu amene akutsitsa thupi, kaya ndi jekeseni kaya popanda jekeseni, asasowe zimenezi pa mbale yache, kuti chotsika chikhale mafuta, osati mnofu. Koma nsomba yophika, yootcha kapena yowamba iposa yokazinga m'mafuta ambiri. Yesani mafuta ndi supuni, osathira ndi botolo. Mchere usapitirire supuni yaing'ono imodzi pa munthu pa tsiku. Mandasi ndi chipisi zikhale za apo ndi apo, ndipo pofuna chotafuna tengani mango, papaya kapena chimanga chootcha.

Chachinai ndi kuyenda. Mphindi 30 pa tsiku, masiku asanu pa mlungu, zikwanitsa mphindi 150 zija. Yendani mwa ndawala, mpaka mtima ugunde ndi thukuta lituruke, m'mawa kapena madzulo dzuwa litapepa. Kulima, kupalasa bwato, kutunga madzi ndi kupalasa njinga ya kapalasa zonse ziwerengedwa. Ulendo waufupi wa ku msika, ku mzikiti kapena ku tchalitchi usakhale wa kabaza.

Chachisanu ndi kudziyesa. Sungani chingwe chija, ndipo muzidziyesa tsiku loyamba la mwezi uli wonse. Amene ali pafupi ndi sikelo alembe kulemera kwache m'buku la ku chipatala. Thupi lobwerera limagwidwa bwino likadali pa kilogalamu imodzi kapena ziwiri. Pang'ono-pang'ono ndi mtolo, pokwera ndi potsika pomwe.

8. MACHENJEZO

Kuonda kumene munthu sanakufune ndi chizindikiro cha matenda. Ngati thupi likutsika lokha, pamodzi ndi chifuwa chosatha, kutuluka thukuta usiku, ludzu losatha kapena kukodza kawiri-kawiri, pitani ku chipatala msanga. Chikhoza kukhala chifuwa chachikuru, shuga, HIV kapena khansa.

Kuyambira chaka cha 2019 anthu ambiri amene ali pa ma ARV m'dziko muno anasinthidwira ku mankhwala okhala ndi dolutegravir. Mankhwala amenewa ndi amphamvu ndi abwino, koma ena amanenepa nao, makamaka amai. Musaleke ma ARV chifukwa cha thupi ngakhale tsiku limodzi. Uzani a chipatala, ndipo tsatani malangizo a kadyedwe amene tafotokozawa.

Mai woyembekezera kapena woyamwitsa asayambe kuchepetsa thupi popanda uphungu wa ku sikelo.

M'mwezi wa Ramadan, odwala shuga amene ali pa mankhwala aonane ndi a chipatala kusala kusanayambe. Kwa ena onse, pomasula madzulo yambani ndi madzi, ndipo zokazinga ndi zotsekemera zichepe, pakuti munthu akhoza kusala mwezi wathunthu ndi kuturuka atanenepa.

Tiyi wa m'mapaketi, ufa ndi zitsamba zimene amalonda amati zisungunula mafuta m'masiku ochepa musazikhulupirire. Zambiri zimangotsekula m'mimba, ndipo chimene chimachoka ndi madzi.

Potsiriza, mnzanu akayamba kutsika thupi chifukwa chosamala kadyedwe, musamjede pa chitsime kapena pa doko. Miseche yakuti wakuti watenga matenda yabweza anthu ambiri m'mbuyo. Mlimbikitseni, ndipo ngati kungatheke yendani naye.

9. MAU KWA APHUNZITSI NDI ATSOGOLERI A MAGULU

Aphunzitsi akhoza kugwiritsa nchito gawo lachiwiri pa phunziro la masamu m'makalasi a pamwamba, koma ndi nambala za pa bolodi, osayesa mwana wa thupi pamaso pa anzache. Magulu a amai, makomiti a pa doko ndi mabanki a m'mudzi aitane mlangizi wa za umoyo wa m'dera lao, abwere ndi chingwe, ndipo akambirane mafunso awa:

(a) Kodi ndi zakudya ziti zimene tidya lero zimene makolo athu sanali kudya masiku onse?

(b) Munthu wa msinkhu wa mita 1.5 alemera makilogalamu 72. Kodi BMI yache ndi yotani, ndipo itanthauza chiani?

(c) Chifukwa ninji thupi limabwerera munthu akaleka jekeseni?

(d) Mbale wathu wa ku Joni afuna kutumiza jekeseni kwa mai ache. Kodi tidzamuyankha chiani, ndipo ndarama zomwezo zingathandize maiwo m'njira zina ziti?

(e) Kodi m'mudzi mwathu tingachite chiani kuti munthu wotsitsa thupi asachite manyazi?

Tsiku likhoza kufika pamene mankhwala amenewa adzatsika mtengo ndi kupezeka m'zipatala zathu kwa amene awasowadi, ndipo lidzakhala tsiku labwino. Munthu amene wazolowera kale mitanda iwiri, tiyi wa shuga pang'ono ndi kuyenda m'mawa adzapindula nao koposa, ndipo akadzasowa sadzagwa nao pamodzi. Sungani tsamba lino, ndipo mukatha kuwerenga mupatse mnzanu.